Olamula gogoda ambiri saivala

Mwezi wa June chaka chatha ndinapeza ganyu ya masiku awiri yolandira alendo pa msonkhano wina waukulu ku hotela ina ku Lilongwe. Amene munakhalapo pa koleji mukudziwa kuti ganyu yotere munthu sakana, makamaka semesita ikafika pakati, m'thumba mutauma, ndiwo zili soya masana ndi madzulo omwe. Tinalipo atsikana asanu ndi atatu ndi anyamata anayi. Kutatsala tsiku limodzi, mayi amene ankatiyang'anira anatumiza uthenga pa gulu lathu la WhatsApp wonena za kavalidwe. Kwa anyamata analemba mzere umodzi: buluku lakuda, shati yoyera, nsapato yakuda yopolisha. Kwa ife analemba ndime yathunthu, ya tsitsi, ya zikhadabo, ya utali wa siketi, ndipo pamapeto pake panali mawu akuti gogoda yakuda, chidendene chisachepere mainchi atatu, wobwera ndi fulati abwerera pageti.

Ine ndinali nayo yanga, yoizolowera kale. Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi analibe. Anathamangira pa kaunjika madzulo omwewo n'kugula imene ndalama yake inakwana, yochepa ndi sayizi imodzi, chidendene chowonda ngati pensulo. Wogulitsa anamuuza zimene ogulitsa onse amanena, kuti imatanuka. Tsiku loyamba tinaima pa matailosi oterera kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 5 madzulo, kukhala pansi kunali pa nthawi ya chakudya basi. Tsiku lachiwiri chakumasana, mnzanga akutsika masitepe atanyamula mafayilo a alendo, chidendene chinapendekeka, phazi linapindikira m'kati, iye n'kukhala pansi mapepala ali mbwee. Anabinya kakolo. Kwa milungu itatu ankapita ku makalasi motsimphina, ndipo ndalama yonse ya ganyu inathera pa bandeji, mankhwala opha ululu ndi kabaza.

Kugwako sikunandipweteke mtima kwambiri ngati mawu amene mayi aja ananena atafika pamalopo. Anati, "Mtsikana wamkulu chonchi osadziwa kuyenda pa gogoda?" Ndinayang'ana pansi chifukwa cha manyazi a mnzanga, ndipo maso anga anagwera pa mapazi a mayiwo. Anali atavala nsapato yafulati, yofewa bwino, ya munthu amene akudziwa kuti aima tsiku lonse.

Ndinene msanga kuti ine gogoda ndimaikonda. Ndili nazo ziwiri, ndipo ndikavala ina yofiirira ija ndimadzimva kuti lero ndatuluka. Amene mwabwera kuti mudzamve kuti nsapato zimenezi n'za atsikana opanda khalidwe, kapena kuti mkazi wophunzira sayenera kusamala za maonekedwe, pepani, pano si pamalo pake. Mkangano wanga uli ndi anthu amene amatenga chinthu chimene munthu amavala mwa kufuna kwake, kwa maola awiri kapena atatu, n'kuchisandutsa lamulo la ntchito la maola khumi. Uli ndi anthu amene mtsikana akavulala amati vuto ndi kayendedwe kake. Ndipo pang'ono uli ndi ife eni ake, amene tazolowera kuganiza kuti kuwawa kwa phazi ndi msonkho umene mkazi amalipira kuti aoneke bwino.

Tiyambe ndi phazilo, chifukwa olamula gogoda amalankhula ngati phazi ndi thabwa. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33. Ukaima pansi chopanda nsapato, kulemera kwa thupi kumagawikana pakati pa chidendene ndi kutsogolo kwa phazi, ndipo chidendene, chimene chili ndi fupa lalikulu ndi mafuta ochindikala pansi pake, chimasenza gawo lalikulu. Ukakweza chidendene, katundu uja amatsetserekera kutsogolo, pa timafupa tating'ono ta pansi pa zala. Chidendene chikamatalika, katundu wopita kutsogoloyo amachulukanso. Tsono nsapato zambiri za gogoda zimakhala zosongoka kumaso, ndiye kuti zala zimene zasenzetsedwa katundu uja zapanikizidwanso m'kangodya. Kutentha kumene mumamva pansi pa zala pakatha maola atatu kumachokera pamenepo. Kwa ena mtsempha wodutsa pakati pa chala chachitatu ndi chachinayi umatupa n'kukhuthala, munthu n'kumamva ngati waponda kamwala nthawi zonse. Madokotala amalitchula vutoli kuti Morton's neuroma, ndipo limagwira akazi kwambiri kuposa amuna.

Nkhani sithera kuphazi. Mu 1998, Dr Casey Kerrigan ndi anzake ku Harvard anafalitsa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet zimene anapeza atayeza akazi akuyenda pa gogoda ndi poyenda opanda nsapato. Anapeza kuti mphamvu yopanikiza mbali ya m'kati ya bondo imakwera ndi pafupifupi 23 peresenti, ndipo mbali imeneyo ndi imene nyamakazi ya m'mawondo imakonda kuyambira. Mu 2010, ofufuza a ku Manchester Metropolitan University anayeza akatumba a akazi amene akhala akuvala zidendene za masentimita 5 kapena kuposa pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka zosachepera ziwiri. Anapeza kuti ulusi wa minofu ya akatumba awo unali wofupika ndi pafupifupi 13 peresenti poyerekeza ndi wa anzawo ovala fulati, ndipo mtsempha waukulu wa kuseri kwa kakolo unali utakhuthala n'kuuma. N'chifukwa chake mumamva amayi ena akunena kuti iwo fulati imawapweteka, amamasuka pa gogoda. Sakunama ayi. Mwendo unasintha kale kuti ugwirizane ndi nsapato.

Nanga za kugwa? Ofufuza a ku University of Alabama at Birmingham anawerengera kuti pakati pa 2002 ndi 2012, anthu pafupifupi 123,000 anafika ku zipinda za ngozi m'zipatala za ku America atavulala chifukwa cha nsapato za gogoda. Ambiri anali obinya phazi kapena kakolo, ndipo gulu limene linkavulala kwambiri linali la zaka 20 mpaka 29, msinkhu wathu womwewu. Kumeneko ndi ku America, kumene misewu ya oyenda pansi ndi yosalala. Ganizirani tsopano mtsikana amene watsika minibasi mu Limbe mvula itagwa, akulumpha ngalande yopanda chivundikiro, kenako akwere kabaza, kenako adutse pa miyala ya kwale imene anathira pakhomo pa ofesi. Amene analemba lamulo la mainchi atatu uja anabwera pa galimoto n'kuimika pakhomo penipeni.

Ndiye wina amati, phunzira kuyenda. Inde, kuyenda pa gogoda kumaphunziridwa, ndipo wozolowera amagwa mwa apo ndi apo kusiyana ndi wachilendo. Koma luso silichotsa katundu pa zala, silitambasula mtsempha, silichepetsa kupanikizika kwa bondo. Ndipo funso lenileni ndi ili: luso limeneli likuthandiza chiyani pa ntchito imene ndalembedwa? Wogwira ntchito yomanga amavala chipewa cholimba chifukwa njerwa ikhoza kumugwera. Namwino amavala magolovesi chifukwa cha magazi. Wophika amamanga tsitsi kuti lisagwere mu ndiwo. Zovala zonsezi zimateteza munthu kapena ntchito yake. Gogoda ndi chovala chokhacho chimene ndikuchidziwa chimene bwana amalamula ngakhale chikuchititsa kuti wantchito ayende pang'onopang'ono, atope msanga, ndipo agwe mosavuta. Anyamata anayi aja ankathamanga ndi mipando, kukwera ndi kutsika masitepe ngati agwape. Ife tinkayenda ngati tikuwoloka mtsinje pa mlatho wa mtengo umodzi. Ntchito inali imodzi, malipiro amodzi.

Yankho limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti gogoda imaoneka mwaulemu, imasonyeza kuti munthu ndi wa mu ofesi. Ulemu umenewu unabwera liti? Zidendene zazitali zinayamba ngati nsapato za amuna. Asilikali okwera akavalo a ku Persia ankazivala kuti phazi likole bwino pa chopondera pamene akuimirira kuti aponye muvi. Mafumu ndi anthu olemera a ku Ulaya anatengera m'zaka za m'ma 1600, ndipo Mfumu Louis XIV ya ku France inkadziwika ndi zidendene zofiira zimene ankaloledwa kuvala ndi anthu a kunyumba yachifumu okha. Kwa iwo nsapato yovuta kuyenda nayo inali chizindikiro choti mwini wake salima, sasenza, sayenda mtunda. Amuna anadzaisiya m'zaka za m'ma 1700 ataona kuti si ya munthu wa zochita. Chidendene chowonda cha stiletto, chokhala ndi chitsulo m'kati, chinatchuka m'ma 1950 muno. Ndiye taonani mmene zinatembenukira. Nsapato imene inali yonyadira kuti mwini wake sagwira ntchito yoimirira, lero tikuipereka kwa mtsikana wolandira alendo, wogulitsa m'sitolo, woperekera zakudya, anthu amene ntchito yawo yonse ndi kuimirira.

Anzathu kwina anakana kale. Mu December 2015, mtsikana wina wa ku London dzina lake Nicola Thorp anatumizidwa ndi kampani yopezera anthu ntchito ya Portico kuti akagwire ntchito yolandira alendo ku maofesi a PwC. Anafika atavala nsapato zafulati zaukhondo, n'kuuzidwa kuti akagule za chidendene cha mainchi 2 mpaka 4. Atakana, anamubweza kunyumba osalandira kanthu. Iye anayambitsa chikalata chodandaula ku Nyumba ya Malamulo ya Britain, ndipo anthu oposa 150,000 anasainira. Makomiti awiri a aphungu anafufuza nkhaniyi n'kutulutsa lipoti mu January 2017, aphungu anakambirana mu March chaka chomwecho, ndipo Portico inali itasintha kale lamulo lake nkhaniyo itangobuka. Boma la Britain silinapange lamulo latsopano, linati lamulo loletsa tsankho la 2010 ndi lokwanira. Ena anapita patali. Chigawo cha British Columbia ku Canada chinaletsa mabwana kukakamiza gogoda mu April 2017. Ku Philippines unduna wa zantchito unachita chimodzimodzi chaka chomwecho, ndipo unalamulanso kuti ogwira ntchito yoimirira nthawi yaitali azipatsidwa mpata wokhala pansi.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Japan. Yumi Ishikawa ankagwira ganyu pa malo okonzera maliro, kumene ankaima maola ambiri pa gogoda pamene amuna anzake a ntchito ali pa fulati. Mu January 2019 anadandaula pa Twitter, ndipo dandaulo lake linakula n'kukhala gulu la #KuToo, dzina losewera ndi mawu awiri a Chijapani, lina lotanthauza nsapato ndi lina lotanthauza ululu. Atapereka chikalata chake ku boma mu June chaka chomwecho, nduna ya zantchito ya nthawi imeneyo, Takumi Nemoto, inayankha kuti anthu ambiri amaona kuti nsapato zotere n'zofunika ndi zoyenera pa ntchito. Bambo amene sanaimepo ola limodzi pa chidendene cha mainchi atatu. Komabe mu 2020 kampani ya ndege ya Japan Airlines inalola akazi ogwira ntchito mu ndege zake kusankha nsapato zopanda chidendene chachitali.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima: izi n'za azungu, kuno tili ndi mavuto enieni, fizi, ulova, mtengo wa chimanga. Zoona, ndipo ulova womwewo ndi umene umachititsa kuti nkhaniyi ikhale yathu kuposa ya ku London. Nicola Thorp anatha kukana. Mnzanga uja sakanatha, chifukwa kumbuyo kwake kunali atsikana makumi awiri okonzeka kutenga malo ake, ndipo mayi aja ankadziwa zimenezo. Munthu amene alibe mphamvu yokana ndi amene amafunika kutetezedwa kwambiri. Komanso tisamachite ngati nkhani ya kulamula zovala za akazi ndi yachilendo kuno. Dziko lino linali ndi lamulo la Decency in Dress Act la 1973 limene linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Amayi athu amakumbukira. Mu January 2012 mavenda ena anavula akazi ovala mabuluku m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, mpaka amayi anasonkhana kudzudzula mchitidwewo. Kale ankatiuza zimene tisavale, lero m'maofesi ena akutiuza zimene tiyenera kuvala, ndipo m'zonsezi mwini thupi safunsidwa. Tili ndi Gender Equality Act ya 2013 yoletsa kusala munthu chifukwa ndi mkazi kapena mwamuna. Tili ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997 imene imaika pa olemba ntchito udindo woteteza umoyo wa antchito awo. Ine sindiphunzira zamalamulo, koma anzathu a ku law atiuze ngati lamulo la kavalidwe lopweteka akazi okha, lopanda phindu pa ntchitoyo, lingaime pamaso pa malamulo awiriwa.

Koma ndisamangoloza mabwana. Ifenso timachitirana. Mwezi wa September ndinali m'gulu la operekeza mkwati pa ukwati wa msuweni wanga. Mkwatibwi anasankha nsapato imodzi ya tonse asanu ndi mmodzi, yasiliva, mainchi anayi, yoitanitsa kunja pa intaneti popanda aliyense kuiyesa. Tinavina nayo masitepe amene tinayeserera mwezi wathunthu titavala masilipasi. Pofika pa perekaniperekani atatu mwa ife tinali ndi matuza otumbuka, tikumwetulira kamera misozi ili m'maso. Nditadandaula, azakhali anati walira mvula walira matope. Ndinawayankha mwaulemu kuti mvulayo sindinaiitane ndine. Chimodzimodzi pa mwambo wolandira madigiri. Chaka chilichonse timaonera mtsikana amene wavutika zaka zinayi akukwera pa nsanja miyendo ikunjenjemera ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa, maganizo onse ali pa masitepe, dzina lake likutchulidwa iye osalimva n'komwe. Ena mumajambula n'kuika pa TikTok kuti anthu aseke. Nsapatoyo anaigula dzulo lake, chifukwa tonse tinamuuza kuti tsiku lotere silifuna fulati.

Tsono popeza ambiri a ife tipitiriza kuivala, ine ndemwe, tiyeni tiivale ngati anthu odziwa chimene akuchita. Zambiri mwa izi ndinaziphunzira mochedwa, phazi litalipira kale.

Vuto lalikulu limayambira pogula. Phazi limatupa pang'ono tsiku likamapita, choncho nsapato yoyesa m'mawa imathina madzulo. Gulani masana kapena madzulo, yesani mapazi onse awiri chifukwa kawirikawiri limodzi limakhala lokulirapo, ndipo muimirire n'kuyenda, osangoyesa mutakhala pa benchi ya wogulitsa. Pa kaunjika musakhulupirire nambala yolembedwa pansi, chifukwa nsapato zimachokera m'mayiko osiyana: imene ku Britain amati 5, ku Ulaya ndi 38, ku America ndi 7 kapena kuposerapo pang'ono. Mawu oti imatanuka ndi oona pang'ono pa chikopa chenicheni, ndipo imatanuka m'mbali, osati m'litali. Ya pulasitiki sitanuka, phazi lanu ndi limene limagonja. Yaikulu kwambiri nayonso ndi msampha, chifukwa phazi limatsetserekera kutsogolo, zala n'kumakola pansi ngati nkhanu kuti nsapato isavuke. Chinthu china chimene anandiphunzitsa bambo wina wosoka nsapato pafupi ndi msika: ikani nsapatoyo pa tebulo kapena pa simenti yosalala, muiyang'ane chakumbuyo. Ngati chidendene chapendekera mbali imodzi, kapena ikugwedera mukaikhudza, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Inapindika kale motsatira kayendedwe ka mwini wake woyamba, ndipo idzapinda kakolo wanu motsatira iyeyo.

Pa utali, kusiyana kwa masentimita 5 ndi masentimita 10 ndi kwakukulu kuposa mmene maso amaonera. Ngati mukudziwa kuti muima kapena kuyenda kwa maola ambiri, musapyole masentimita 4 kapena 5. Zazitalizo zisungireni malo amene mukafika n'kukhala. Chidendene chonenepa chimakhazikika bwino ndipo chimateteza kakolo pa nthaka yosalingana, pa udzu ndi pa miyala, koma musadzinamize kuti chathetsa zonse: Kerrigan yemwe uja anapeza mu 2001 kuti chidendene chonenepa chimapanikiza bondo mofanana ndi chowonda ngati utali uli umodzi. Chimene bondo limamva ndi kutalika. Nsapato yokhala ndi soli yochindikala kutsogolo imachepetsa kutsetsereka kwa phazi, mwachitsanzo chidendene cha masentimita 9 chokhala ndi soli ya masentimita 2 kutsogolo phazi limachimva ngati 7, koma soliyo ikachindikala kwambiri simumvanso pansi pamene mukuponda, ndipo mukapendekeka mumagwa kuchokera pamwamba. Lamba wa pa kakolo amathandiza kwambiri chifukwa amagwira phazi m'malo mwa zala. Kumaso kukhale kotakasuka moti zala zikhoza kugwedezeka.

Za chidendene chowonda pali masamu osavuta. Mtsikana wa makilogalamu 60 akaponda, kwa kanthawi kochepa thupi lonse limatsamira pa kansonga kosaposa sentimita imodzi mbali zonse. N'chifukwa chake chimalowa mu udzu, m'ming'alu ya simenti ndi m'mabowo a zivundikiro za ngalande. Ku Greece anafika poletsa nsapato zotere mu 2009 m'malo ena akale a mbiri chifukwa zinkawononga miyala imene yakhala zaka zikwi ziwiri. Kansongako kamakhala ndi kapulasitiki kapena karabala kamene kamatha. Mukayamba kumva kulira kwa chitsulo poyenda, msomali watulukira, ndipo pa matailosi msomali umaterera ngati pa sopo. Wosoka nsapato amasintha kansongako pa mphindi zochepa ndi ndalama yochepa kuposa ya bandeji. Soli yatsopano yosalala ikwecheni pang'ono ndi sandipepa kapena pa simenti yokhakhala musanapite nayo ku holo.

Nsapato yatsopano musaiyambire pa tsiku lalikulu. Ivaleni m'nyumba theka la ola kwa masiku angapo, mukusesa, mukusita, kuti mudziwe pamene ikukhula, ndipo pamalo pamenepo muikepo pulasitala khungu lisanatupe. Poyenda fupikitsani mapazi, chidendene chiyambe kufika pansi kenako zala. Pa masitepe gwirani chitsulo cha m'mbali, musachite nacho manyazi, ndipo musanyamule katundu wotseka maso ngati mmene anachitira mnzanga. Pa msewu valani fulati, gogoda ikhale m'chikwama mpaka pakhomo. Amene mumayendetsa galimoto, chidendene chikhoza kukola pa kapeti kapena kulepheretsa phazi kuponda buleki mokwanira, sungani fulati pansi pa mpando. Mukafika kunyumba, imani moyang'ana khoma, mwendo umodzi kumbuyo chidendene chili pansi, mutsamire kutsogolo mpaka mumve katumba akukoka, theka la mphindi mwendo uliwonse, kangapo. Ndipo musavale gogoda masiku otsatizana sabata yonse, mwendo uzipeza masiku obwerera m'malo mwake.

Pali ena amene ayenera kusamala koposa. Amene ali ndi matenda a shuga akhoza kutaya kumva kwa m'mapazi, thuza n'kusanduka chilonda iwo osadziwa, ndipo zilonda za shuga zimavuta kupola. Amayi oyembekezera thupi limakhala litasintha kale poima ndipo mfundo zimakhala zofewa. Amene anabinyapo kakolo amabinyanso mosavuta. Mukabinya, pumitsani mwendo, ikanipo chozizira chokulunga m'nsalu, mangani bandeji n'kuukweza pamwamba. Ngati simungathe kuponda ngakhale mapazi anayi, kapena fupa lenileni la kakolo likuwawa mukalikhudza, pitani kuchipatala, pakhoza kukhala pothyoka. Musalole munthu akukokeni phazi kuti alibwezere, monga ankafunira kuchita mlonda wina tsiku lija.

Mwaona kutalika kwa malangizowa? Ndalemba ndime zisanu za mmene munthu angadzitetezere ku nsapato yake yomwe. Palibe mnyamata amene anafunikapo kuwerenga ndime zisanu kuti afike madzulo ali bwinobwino mu nsapato ya ku ofesi. Malangizo onsewa ndi abwino kwa munthu amene wasankha yekha, amene akhoza kuvula pamene wafuna, kukhala pansi pamene watopa, ndi kusankha utali umene phazi lake likulola. Lamulo la mainchi atatu limachotsa zonsezi. Limasankha utali, limasankha maola, limaletsa fulati ya m'chikwama, kenako likamugwetsa munthu limamufunsa chifukwa chake sadziwa kuyenda. Ndipo kwa inu anyamata amene mawa mudzakhale ma HR ndi mamanejala, ndi inu atsikana amene mudzakhale ngati mayi aja, pempho langa ndi laling'ono. Lembani kuti nsapato yakuda, yotseka, yaukhondo. Mzere umodzi womwewo umene munalembera anyamata. Amene akufuna gogoda adzabwera nayo yekha, ndipo mwina ndidzakhala ine.

Sabata yatha mayi aja analembanso pa gulu lija kuti kuli msonkhano wina mwezi wamawa, akufuna atsikana asanu ndi mmodzi, kavalidwe ndi komwe kaja. Tinakambirana kumbali atsikana asanu mwa amene tinalipo ulendo woyamba, ndipo tinayankha uthenga umodzi tonse: tibwera, tivala zakuda zotseka, chidendene aliyense asankha yekha, ndipo tikupempha mipando iwiri kuseri kwa tebulo lolembetsera kuti tizisinthana. Uthengawo anauwerenga Lachiwiri, timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Lero ndi Lachisanu, sanayankhe. Mnzanga uja akuti kakolo wake amamuwawabe kukazizira.